Chidebe Chokana Kunyamuka

Pali chinthu chimodzi chimene Sungeni anali asanauzepo munthu aliyense, ngakhale amayi ake omubereka: iye sankapukwa kumudzi. Kuyesa ankayesa ndithu. Ankatsinzina, kukoka mpweya, n'kumafufuza m'chifuwa kaululu kaja kamene aphunzitsi ankati munthu aliyense wolongosoka amabadwa nako. Koma m'chifuwamo munkangoti zii, ngati m'kalasi nthawi ya holide.

Kwina kulikonse imeneyi sikanakhala nkhani. Tsoka lake Sungeni anabadwira pa Tikudutsa, dziko lofiira lija la madzuwa awiri, kumene kusapukwa ndi mlandu.

Mbiri yake mwana aliyense wa kumeneko amailoweza asanadziwe n'komwe kumanga nsapato. Kalekale chombo chachikulu chinanyamuka ku Dziko Lakale chitadzaza anthu, mbuzi ndi mbewu, kukafuna malo atsopano pakati pa nyenyezi. Chitatera pa Tikudutsa, anthu anatsika, anaona fumbi, anaona dzuwa lalikulu likuwotcha uku mng'ono wake akuthandizira, ndipo anati, "Ayi, tibwezeni kwathu." Woyendetsa anati palibe vuto, kungoti mafuta achepa, ayambe wakamwetsa. Anatsitsa katundu yense kuti chombo chipepuke, n'kusuzumira pakhomo.

"Dikirani pomwepa, ndikubwera. Musamasule katundu. Iwe Gwaza, gwirizira kaye."

Gwaza anali mnyamata wopakira katundu. Anagwirizira mpaka imvi, anagwirizira mpaka imfa. Mwana wake anapitiriza kugwirizira, ndipo pa nthawi ya nkhani ino amene ankagwirizira anali mdzukulu, Olemekezeka Kapitawo Wogwirizira Gwaza Wachitatu. Wina akafunsa za chisankho, Kapitawo ankaseka mwachifundo. "Chisankho tidzachita tikafika. Munawaona kuti anthu akuvota ali pa depoti?"

Choncho likulu la dzikolo linkatchedwa Podikirira, ndipo dera limene Sungeni ankakhala ndi amayi ake linali Musamasule. Lamulo lalikulu linali limodzi: chinthu chilichonse chikhale ndi chogwirira. Mabedi anali ndi zogwirira, mabenchi a kutchalitchi zogwirira, nyumba zinali za malata opindika zokhala ndi zogwirira m'makona onse, ndipo chimbudzi cha sukulu chinali ndi ziwiri, kuti tsiku la ulendo ana asadzakanganirane. Kubzala ankaloleza nyemba, mpiru, matimati, zinthu zoti ukolole msanga. Mtengo ayi. Wapaulendo sabzala mtengo, pokhapokha ukhale m'chidebe, chifukwa mtengo wa m'chidebe ndi katundu. Ndipo muzu ukangosuzumira kunsi, aumete ndi sizasi.

M'mawa uliwonse belu likalira inali Nthawi ya Kupukwa. Anthu onse ankasiya zimene akuchita, n'kuyang'ana kumene kunkaloza muvi waukulu wachitsulo umene unazikidwa pakati pa Podikirira, ati ndiko kuli Dziko Lakale, kenako n'kuusa moyo onse pamodzi. Nduna ya Kupukwa ikasintha, muvi nawonso unkasintha kolozera, koma anthu sankadandaula. Ankati bola khosi likuongokako.

Ku sukulu, Kupukwa linali phunziro lolemba mayeso, ndipo chomvetsa manyazi n'chakuti Sungeni ndiye anakhoza kuposa onse. Iye anali mtsikana wamanyazi, woyenda atazolika, wosayankha msanga, ndiye aphunzitsi ankamuloza n'kumati, "Taonani mnzanuyu, mpaka mawu amuthera chifukwa cha kumudzi!" Chimangirizo chake chofotokoza mmene ulusi wa mango umakanirira m'mano anachiwerenga pa asembule, ahedi mpaka kugwetsa misozi. Pa asembule yonseyo panalibe ndi mmodzi yemwe amene analawapo bango.

Chimene aphunzitsi sankadziwa n'chakuti Sungeni akazolika ankakhala akuyang'ana zithunzithunzi zake ziwiri, chachitali ndi chachifupi, zikutsatana pa dothi lofiira, ndipo zinkamusangalatsa. Ankakonda fungo la fumbi dzuwa lalikulu likangolowa. Ankakonda tindindi, tizilombo tobiriwira tija timene timaimba m'ming'alu ya miyala. Munthu akamufunsa kuti, "Kwanu n'kuti, mtsikana?" ankayankha monga anaphunzitsidwira, "Kwa Bembeke," koma lilime linkalemera ngati wanamizira mnzake.

Amayi ake, a Nangozo, ndiwo ankapukwa zenizeni, osati zamayeso. Pa msomali wa kuseri kwa chitseko pankalendewera kamba wa paulendo, mtedza wokazinga womangidwa m'kansalu. Ukayamba kununkha chinyezi ankakazinga wina, wakalewo n'kupatsa mbuzi, chifukwa kudya kamba usananyamuke n'kuitana tsoka. Munthu aliyense pa Tikudutsa anali ndi mpando wake m'chombo, wosiyirana ngati chuma cha masiye, ndipo mipando ya awiriwa inali yoyandikana.

"Iwe udzakhala cha kuwindo," ankatero a Nangozo akamamuluka tsitsi. "Ine kuyang'ana pansi ndimachita chizungulire. Chikamadzanyamuka udzandigwire dzanja, wamva? Usadzandisiye."

"Ndamva, amayi."

Kuseri kwa nyumba kunali chidebe cha malemu bambo ake, chimene iwonso anasiyiridwa ndi bambo awo. Munali kamtengo ka mango kopinimbira, kofika m'chiuno, kokalamba kuposa Kapitawo koma kosadziwa duwa. Ntchito yometa mizu inali ya Sungeni. Tsiku lina, chaka chapitacho, atapendeketsa chidebe anapeza kuti dzimbiri laboola kunsi, ndipo kamuzu koyera katulukira pamenepo n'kulowetsa mutu m'dothi, mwakachetechete, ngati mwana wamanyazi amene wapeza pokhala pake kumbuyo kwa kalasi. Sungeni anatsegula sizasi. Anaitsekanso. Kenako anakankhira dothi ndi phazi, n'kukwirira.

Kuyambira pamenepo mtengo unachita ngati wakumbukira kuti ndi mtengo. Unapitirira zenera, unapitirira denga. A Nangozo ankangoti, "Koma katundu wa bambo akoyu akunenepa," n'kupitiriza zawo. Ndipo mwezi uno, kwa nthawi yoyamba chifikire anthu pa Tikudutsa, mango anachita maluwa.

Ndiye kunabwera Tsiku Lonyamula, limene limabwera chaka ndi chaka. Pa tsikuli Nduna ya Kupukwa imayenda khomo ndi khomo, ikaimba wezulo banja linyamule zonse zimene lili nazo, kuonetsa kuti chombo chitati chitere lero palibe angachedwetse anzake. Nduna yake inali a Kamtedza, bambo wamfupi woyenda ndi kampango kopukutira misozi m'thumba lililonse.

Wezulo inalira. A Nangozo ananyamula bedi ndi mbaula, Sungeni sutikesi ndi mpando, anansi anathandiza kutukula nyumba.

"Zili bwino," anatero a Kamtedza. "Nanga chidebe icho?"

Sungeni anagwira chogwirira n'kukoka mwaulemu. Chidebe sichinayankhe.

"Mwanayu wafooka ndi kupukwa, ndimamudziwa," anatero a Nduna. "Asilikali, muthandizeni."

Asilikali awiri anakoka, anakoka, mpaka chogwirira chinazuka, onse awiri n'kukhala pansi m'fumbi. A Kamtedza anagwada, anafukula ndi chala, n'kupeza muzu wonenepa ngati mkono wa munthu. Anaimirira pang'onopang'ono, natulutsa kampango ka m'thumba la kumanzere, kamene ankasungira zinthu zoopsa.

"Mayi," anatero, "katundu wanu wakhazikika."

Mawa lake, Sungeni atatumidwa mchere ku msika wa Tatsalapang'ono, anapeza nkhani yafika kale. Msikawo benchi iliyonse inali ya matayala, moti mphepo ikawomba ogulitsa ankathamangitsa malonda awo. Pa benchi ya matimati panali a Esinala, mayi wa pakamwa posatopa, ndipo pambali pawo a Yotamu, amene ntchito yawo inali kuwotcherera zogwirira.

"Mwamva, achimwene? Ku Musamasule mtengo wakana ulendo."

"Ndamva. Ati asilikali awiri ali m'chipatala, mmodzi msana, wina manyazi."

"Koma mtengowo ndi wosayamika. Ife taima pano mibadwo itatu osadandaula, iwo wangokhala pansi osapempha."

"Ine ndawauza a boma kuti nkhaniyi ndi yosavuta," anatero a Yotamu akupukuta manja. "Andipatse chitsulo chokwanira, ndiwotcherere chogwirira pa dziko lenilenili. Chombo chikabwera tingonyamula zonse kamodzi."

"Tsitsani mawu, inu! Akumvani akupatsani kontirakiti."

Sungeni anafuna kudutsa mozemba, koma a Esinala anamukola ndi diso. "Iwe mwana wa Nangozo, tabwera. Usaope, sindiluma. Ati kwanu kuli mthunzi weniweni, wa masamba? Umamveka bwanji?"

Sungeni anayang'ana zala za kumapazi. "Umazizira."

"Kuzizira ngati chiyani?"

"Ngati madzi a mumtsuko. Koma pamutu."

A Esinala anakhala kaye chete, chinthu chimene anthu a mumsikawo anali asanachionepo. Kenako anamuponyera tomato mmodzi m'jumbo. "Pita. Ukaupatse moni."

Mlandu unalowa m'Chipinda Chodikirira Chachikulu, momwe mumakumana bwalo la Kapitawo. Olemekezeka anabwera atanyamulidwa pa mpando wa zogwirira zinayi, atavala yunifolomu ya agogo awo imene mabatani ake anasiya kale kukumana. Anayamba ndi mawu ochepa, amene anatha dzuwa laling'ono litatuluka.

"Apaulendo anzanga! Pali ena akunong'ona kuti chombo chachedwa. Chombo sichinachedwe, ndi ife tinafulumira kudikira. Boma langa, m'chaka chino chokha, lawonjezera kupukwa m'madera onse, ngakhale kumene kunalibe. Ndiye lero tikumva kuti katundu wina, katundu amene takhala tikumunyamula ndi manja athu, waganiza zotsala. Lero mtengo, mawa bedi, mkuja anthu! Woimbidwa mlandu aimirire."

Palibe anaimirira.

"Ali kunyumba, bwana," anatero a Nangozo.

"Wanyoza bwalo!" anakuwa a Kamtedza. "Akamutenge!"

"Bwana Nduna," anatero msilikali wa msana uja, "mlandu wake ndi womwewo."

Nduna zinagundana mitu. Ina inati amuzenge mlandu iye kulibe, koma ina inakumbutsa kuti Tikudutsa ndi dziko la chilungamo, munthu samangidwa asanaonedwe nkhope. Pomaliza Kapitawo analamula kuti poti woimbidwa mlandu wakana kubwera ku bwalo, bwalo limulanga pomupitira konko. Analamulanso kuti pabwere nkhwangwa. Apa panavutanso, chifukwa dziko lopanda mitengo lilibe nkhwangwa. Inapezeka imodzi yokha ku Nyumba Yosungira Zopukwa, m'galasi, pakati pa lichero ndi chithunzi cha mvula. Anaipereka kwa a Yotamu, poti ndiwo amadziwana ndi zitsulo.

Pa njira yopita ku Musamasule, a Nangozo anagwira mkono wa mwana wawo n'kumunong'oneza. "Akakufunsa, ungoti sukudziwa. Wamva? Mtengo ndi mtengo. Kwathu iliko yambirimbiri, mango mpaka kuolera pansi, nkhumba kuwakana. Usatayike chifukwa cha chidebe."

Sungeni anangogwedeza mutu.

Anafika madzuwa onse awiri ali pamutu. Anthu anali atadzaza kale, ena atakwera pa madenga. Mthunzi wa mtengowo unali wongokwana mpando umodzi ndi kachidutswa, ndipo Kapitawo analamula kuti amuike pomwepo kuti aone bwino umboni. Atamutsitsa, anatsegula pakamwa kuti apitirize mawu ake aja, koma sanatuluke. Anavula chipewa. Anayang'ana m'mwamba, m'masamba. Kamphepo kanadutsa. Munthu amene anabadwa, kukula ndi kulamulira pa dzuwa anangokhala duu, thukuta likuuma pa dazi. Nduna nazo zinayamba kusendera, ina kulowetsako phazi, ina chigongono, ina kunamizira kuti ikuunika khungwa.

"Lamulo likuti chiyani, a Kamtedza?" anafunsa Kapitawo ndi mawu a munthu amene akufuna kugona.

A Kamtedza anaimirira pa dzuwa, poti malo anawathera. "Njira zilipo ziwiri, Olemekezeka. Ngati katundu wakhazikika yekha, mwa kufuna kwake, ameneyo ndi woukira, adulidwe. Koma ngati pali munthu anamuthandiza, mlandu ndi wa munthuyo. Alandidwe mpando wake m'chombo, akhale wotsala, iye ndi katundu wake yemwe. Chilango choposa pamenepa palibe, ndipo chiyambire sichinaperekedwepo."

Khamu lonse linati, "Hii!" A Nangozo anafinya mkono wa Sungeni mpaka kuwawa.

"Mtsikana," anatero Kapitawo, "ndiwe unkasamala chidebechi. Mtengowu unachita wokha?"

Sungeni anayang'ana pansi. Zithunzithunzi zake ziwiri zinali zitabisala kunsi kwa mapazi.

Kapitawo anayang'ananso masamba aja, kenako anawerama, n'kufunsa mofatsa ngati wopempha. "Ganiza bwino, mwanawe. Palibe aliyense amene anathandizako? Ngakhale pang'ono chabe?"

Sungeni anayang'ana khamulo. Anthu onsewo, maso onsewo! Ndiponso dzanja la amayi ake linali pomwepo, lotentha, dzanja lomwe analonjeza kudzaligwira.

"Wakhala chete," analengeza a Kamtedza. "Kupukwa kwamutseka pakamwa, monga mwa nthawi zonse. Mtengo unachita wokha. A Yotamu!"

A Yotamu anabwera ndi nkhwangwa ataigwira ngati khasu la eni. Anazungulira mtengo kawiri. "Pepani bwana, kodi amayambira kumwamba kapena pansi?"

Nduna zinayang'anana. Ina inati n'zodziwikiratu kuti kumwamba, poti ndiko kwatalika molakwa. A Kamtedza anati pa chithunzi chimene anachiona ali ku koleji, munthuyo anali ataima pansi.

"Chabwino," anatero a Yotamu. "Koma mukadandilola, ndikanangouika chogwirira."

Anakweza nkhwangwa, anatsinzina, n'kutema. Nkhwangwa inaphonya thunthu n'kumenya chidebe, ngwee! Mtengo wonse unanjenjemera, ndipo timaluwa tinayoyoka ngati ufa, pa dazi la Kapitawo, pa mapewa a Nduna, m'tsitsi la Sungeni. Iye anatola kamodzi. Kanali kakang'ono kuposa njere ya mpunga, ndipo kunsi kwake kunali kale kambulu kobiriwira, bango limene linali lisanayambe n'komwe.

A Yotamu anakwezanso nkhwangwa.

"Ndine."

"Wati chiyani?" anafunsa a Kamtedza. "Kweza mawu!"

"Ndine, bwana. Muzu ndinauona. Sizasi ndinali nayo m'manja. Ndinaukwirira ndi phazi."

Dzanja la a Nangozo linamasuka pa mkono wake, n'kugwa.

Kapitawo anaweruza mofulumira kuposa mmene anaweruzirapo mlandu wina uliwonse. Anati ndi mtima wosweka, ndi chisoni chimene mbiri idzachikumbukire, akulengeza kuti Sungeni ndi wotsala. Mpando wake wa kuwindo wabwerera ku boma. Ndipo poti iye ndi Kapitawo wa apaulendo okha, wotsala ndi katundu wake sakumukhudza, choncho nkhwangwa ibwerere m'galasi. Atatero anatsamira bwinobwino n'kupinda manja pamimba.

A Kamtedza anatsokomola. "Olemekezeka, ngati zili choncho, ndiye kuti pamene mwakhalapo ndi dziko la eni."

Kapitawo anatsegula diso limodzi. "Ndiye mudziwitse mtundu kuti ndili pa ulendo wa boma wokacheza kunja. Zokambirana zikuyenda bwino. Zipitirira mawa."

"Bwana Nduna!" anakuwa a Esinala ali kumbuyo kwa khamu. "Funso chabe. Ine mpando wanga uli pafupi ndi chimbudzi. Munthu amautaya bwanji?"

Asilikali anayamba kubalalitsa anthu msangamsanga, koma ambiri popita ankayang'ana kunsi kwa zidebe za anansi awo, ndipo wina anamveka akufunsa a Yotamu ngati ali ndi msomali wokulirapo.

Dzuwa lalikulu litalowa, n'kutsala laling'ono lija lofiirira, alendo a boma ananyamulidwa n'kupita. Sungeni anatsala yekha pansi pa mtengo, akusisita pamene chidebe chinaphwanyika. Tindindi tinayamba kuimba m'miyala. Anamva chitseko chikutseguka, koma sanatembenuke.

A Nangozo anakhala pansi pambali pake, mwakachetechete, atafumbata kanthu pamiyendo. Maso awo anali ofiira.

"Ndiye pambali panga padzakhala mkazi wa Kamtedza," anatero patapita nthawi. "Wayamba kale kufunsa ngati windo lake limatseguka."

"Pepani, amayi."

"Pepani sakhala pa mpando. Tandiuza, Sungeni. Wataya ulendo, wataya kwanu, wanditaya ine, chifukwa cha mango amene sunawalawe n'komwe? Mwina ndi owawasa!"

"Si mango, amayi."

"Nanga n'chiyani?"

Sungeni anayang'ana pansi monga mwa chizolowezi. Chithunzithunzi chinali chitatsala chimodzi, chachitali, chogundana ndi cha amayi ake. Anakoka mpweya, osati wa Nthawi ya Kupukwa uja, wina. Kenako anadzutsa mutu n'kuwayang'ana m'maso, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Ine sindipukwa, amayi. Sindinapukwepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndayesa, Mulungu akudziwa, koma belu likalira ndimangoona kuti kunja kwacha bwino. Bembeke sindikumudziwa. Ndimadziwa fumbi ili, ndi tindindi, ndi inu. Kwathu ndi kuno."

A Nangozo anayang'ana kumene kumaloza muvi, nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mwana wawo, timaluwa tikadali m'tsitsi limene analiluka okha. Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje, n'kuyamba kulimbana ndi mfundo ya kanthu kanali pamiyendo kaja. Kanali kansalu ka kuseri kwa chitseko. Mfundo inali yolimba, mpaka anachita kuiluma ndi mano. Fungo la mtedza wokazinga linamveka pansi pa mtengo.

Anatapa wodzaza dzanja, ndipo wotsalawo anaumanganso bwinobwino, poti iwo ulendo unali ukadalipo. Kenako anatambasula chikhatho cha Sungeni n'kuthiramo.

"Ndiye yamba kudya, mwanawe," anatero. "Iwe wafika."